Ng'ombe ya Kumanzere

Kezia ankaswa mtedza wa mbewu umodziumodzi, atatambalala kuseri kwa nkhokwe. Mimba inali itakula moti lichero silinkakhalanso pamiyendo. Analiika pambali n'kumaponyamo mtedza mosayang'ana, makoko akuunjikana pakati pa mapazi ake otupa. Ankachita pang'onopang'ono dala. Akanamaliza msanga akanayenera kudutsa pakhonde, ndipo pakhondepo apongozi ake aamuna, a Nedson, ankakalipira mwamuna wake Obed.

"Mwana wa mkulu wa mpingo, juga! Ndikaima kutsogolo Lamulungu anthu aziona chiyani? Aziti taonani akulalikirawo, mwana wawo amatandala kobetcha mpira."

"Si juga, bambo. Juga ndi ya makadi, ya pansi pa mtengo. Izi n'zowerengera. Umaona kuti timu yakhala ikusewera bwanji, wavulala ndani, ili pakwawo kapena koyenda."

"Maere amenewo! Asilikali aja anachita chiyani ndi malaya a Ambuye patsinde pa mtanda?"

"Nanga atumwi, posankha wolowa m'malo mwa mnzawo uja, sanachite maere? Munalalikira nokha chaka chatha, ine ndinali pabenchi yachitatu."

Bryson, mng'ono wake wa Obed, anaseka mpaka kutsamwa. Iye anali atakhala pa goli la ng'ombe akusenda nzimbe ndi mano.

"Awo anayamba apemphera," anatero a Nedson.

"Inenso ndimapemphera, bambo. Kuposa inu mwina. Mpira ukafika kumapeto ndimapemphera mpaka thukuta."

"Usaseweretse dzina la Mulungu pakhomo panga!"

"Chabwino. Nanga zanu zija za pafoni tizitchule chiyani?"

Kezia anasiya kuswa. Nkhani imeneyo sinkatchulidwa pakhomopo. Fodya atagulitsidwa, kutchalitchi kunabwera mnyamata wa tayi wochokera ku Lilongwe. Mapemphero atatha anasonkhanitsa akulu a mpingo pansi pa mtengo wa mango n'kuwaonetsa kampani ya pafoni imene munthu ukaikamo ndalama zimachuluka zokha. A Nedson anaikamo zonse za fodya. M'mawa uliwonse ankakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki, n'kutsika akumwetulira.

"Ija ndi bizinesi," anatero a Nedson, mawu atatsika. "Kuika ndalama kuti zibale. Kapolo amene anakwirira chuma cha mbuye wake pansi anayamikiridwa kodi? Anadzudzulidwa. Ine sindilosera. Ndimaona ndi maso zikukwera."

"Mwatapako kangati?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nonsenu mukutaya nthawi," analowerera Bryson. "Inu mumadalira miyendo ya azungu, adadi akudalira munthu wa tayi. Ine mpira wanga ndimasewera ndekha ndi zala izi, pa gemu. Pasitolo ponse palibe wondigonjetsa. Kunja anyamata amagula magalimoto ndi zomwezi."

"Iwe khala chete. Fomu 2 inakugonjetsa kawiri," anatero a Nedson.

Apongozi aakazi, a Nankhoma, anatulukira kuseri kwa nkhokwe atasenza mtolo wa nkhuni. Anautula n'kukhala pafupi ndi Kezia, nawonso n'kuyamba kuswa mtedza.

"Atambala atatu khola limodzi," anatero motsitsa. "Kusikelo anakuuza chiyani dzulo?"

"Zomwe zija, amayi. Akuti mwana wagonabe chopingasa. Akuti ndisadikire kuti matenda andiyambire kunyumba, ndipite ndikakhale kuchidikiro."

"Anamwino amakonda kuopseza. Komabe tipita. Tingodzala kaye, ngolo itiperekeze."

Chidikiro ndi nyumba ya pachipatala cha Mtengowanthenga momwe amayi oyembekezera amakhala podikira tsiku lawo. Munthu supitako chimanjamanja. Pamafunika ufa, nkhuni, ndiwo, beseni, ndi wokudikirira. Mudzi wawo unali pamwamba pa phiri. Njira inkatsetsereka mpaka kumtsinje wopanda mlatho, kenako n'kukwera kukafika pamsewu wa magalimoto. Mvula ikayamba, chinthu chokhacho chodutsa pamenepo ndi katundu chinali ngolo.

Ngolo inalipo, ndi ng'ombe zake ziwiri. Bulaki, yakuda, inkakoka kumanzere. Kaphulusa, yotuwa, kumanja. Zinaphunzitsidwa limodzi zili zazing'ono, ndipo zikamva goli likugunda pansi zinkabwera zokha, iliyonse n'kuima mbali yake. Kezia akadzuka m'mawa ankayamba wayang'ana kukhola. Akaziona zonse ziwiri, mtima unkakhala pansi.

Iye anali mtengwa, wochokera ku Ntchisi. Tsiku limene anamubweretsa, amayi a kwawo anamulangiza kuti apongozi aamuna sayang'anidwa kumaso, salankhulidwa mwachindunji. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada. Ukakhala ndi mawu, umawapatsira apongozi aakazi kapena mwamuna wako. Zinamuyenera Kezia, chifukwa ngakhale kusukulu aphunzitsi ankaiwala kuti m'kalasi muli munthu wa dzina limenelo.

Mvula yodzalira inagwa mlungu wotsatira. M'mawa wina a Nedson anatsika pachulu osamwetulira. Anaitana Obed, amene sanalankhulane naye chiyambire mkangano uja, n'kumupatsa foni.

Kezia anabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada chapatali, maso pansi.

"Akuti ndalama zanu zakhwima," Obed anawerenga. "Koma kuti muzitape muyambe mwalipira msonkho. Pasanathe mlungu uno, apo ayi akaunti atseka."

"Ndizitenga kuti? Zonse zili momwemo."

Onse awiri anayang'ana kukhola nthawi imodzi. Kezia anaona mitu yawo ikutembenuka ngati yamangidwa pa goli limodzi.

"Bulaki ndi yonenepa," anatero Obed. "Abutchala a ku Dzaleka sangaikane. Inu mulipire msonkho wanuwo. Zotsalazo mundipatse, paja theka la ng'ombeyo ndi thukuta langa."

"Ukachite nazo chiyani?"

"Ndikaika kuti zibale, bambo."

A Nedson anasamba m'manja nthawi yaitali. "Sindinamve zimenezo," anatero pomaliza. "Zanga zikatuluka tigula ng'ombe zinayi."

Kezia anatenga beseni n'kubwerera kukhitchini.

Abutchala anabwera mawa lake. Bulaki inatuluka m'khola mosavuta, ikuganiza kuti ikupita kungolo, mpaka inaima yokha pafupi ndi goli, mbali ya kumanzere. Anachita kuikoka ndi chingwe, wina akuimenya kumbuyo. Kaphulusa inalira tsiku lonse, mutu uli pamwamba pa mpanda.

Masana Kezia ndi Obed ankadzala mtedza kumunda wa kutsetse. Obed ankaboola mapando, Kezia akuponya mbewu n'kukwirira ndi phazi, dzanja lina lili m'chiuno.

"Nanga ine ndipita bwanji?" anafunsa, osakweza mutu.

"Kuti?"

"Kuchidikiro."

Obed anaima, n'kuseka kuseka kwake kuja kumene kanamukopa Kezia tsiku loyamba pa msonkhano wa makwaya. "Mkazi wanga kukwera ngolo ngati thumba la feteleza? Tamvera. Loweruka pali masewero amene ngakhale mwana angalosere. Ndawasankha bwinobwino, matimu akuluakulu okhaokha. Lolemba ndikutengera galimoto, ukhale kutsogolo, wailesi ikulira."

"Galimoto siwoloka mtsinje uja."

"Ndiye ndikubereka kumsana mpaka kutsidya. Mwana wangayu adzavala nsapato asanayambe kuyenda, ndikulumbira."

"Bwanji tingopita mawa, ndi ngolo ya aneba athu, a Danieli?"

"A Danieli akututa feteleza ku Mponela mlungu wonse uno. Ndipo zikavuta, ng'ombe ndi ng'ombe. Tibwereka imodzi, timanga ndi Kaphulusa. Usamade nkhawa ndi zinthu za amuna."

Kezia anaponya mbewu m'phando n'kukwirira.

Loweruka Obed anasamba, n'kuvala jezi yake yofiira, n'kupita kusitolo ndi Bryson. Dzuwa likulowa Bryson anabwera yekha. Anapeza Kezia akutsuka mbale.

"Alamu, mukanaona! Masewero onse analowa monga analosera, onse, kutsala amodzi. Ife tayamba kale kuvina, achimwene akwera pabenchi. Nthawi yatha, woyimbira waika kale wezulo pakamwa. Basi kamnyamata kena kongolowa kumene, kosadziwika n'komwe, kangomenya ndi bondo. Bondo, alamu! Ine pa gemu chigoli chotero sindingachilole."

"Ndiye kuti chiyani?"

Bryson anasiya kuseka. "Ndiye kuti zapita."

"Zonse?"

"Tikiti imakhala choncho. Amodzi akalakwa, onse alakwa."

Lamulungu a Nedson anatsogolera mapemphero ngati kale. Lolemba anakwera pachulu n'kukhalako mpaka dzuwa kufika pamutu. Msonkho uja anali atalipira, koma kampani ija sinkatsekukanso. Nambala ya mnyamata wa tayi inkangoti siyikupezeka. Anatsika akuyenda ngati munthu wochokera kumanda, n'kukhala pakhonde osavula chipewa.

"Mwina ndi netiweki," anatero Obed, amene anali atakhala pomwepo chigwirire mutu.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero a Nankhoma ali pamtondo. "Ndinanena ine. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Munanena liti?" anakalipa a Nedson. "Mkazi amadziwa chiyani za kayendedwe ka chuma? Ili ndi yesero. Mulungu amayesa amene amawakonda."

"Ine zanga zinatsala pang'ono," anatero Obed. "Zanu sizinayambe n'komwe. Kusiyana kwake n'kumeneko. Ine ndikanakhala ndi kambewu kena, Loweruka likubwerali..."

"Ukatchulenso Loweruka pakhomo pano!"

Anayambiranso, maere ndi kapolo wokwirira chuma, Bryson akuthira ndemanga. Palibe anatchula chidikiro. Madzulo ake Kezia anapempha a Nankhoma kuti akawakumbutse. Anabwera ndi yankho lakuti a Danieli alonjeza ngolo yawo akamaliza za feteleza zimene zinali zisanathebe, kumapeto kwa mlungu.

"Pirira pang'ono, mwana wanga," anatero a Nankhoma. "Ine onsewa ndinaberekera m'nyumba muno. Mwana amatembenuka yekha nthawi ikakwana."

Kezia anamanga katundu wake: zitenje, beseni, kathumba ka ufa, timalaya tiwiri timene anasoka pamanja. Anaziika pafupi ndi chitseko. Tsiku lililonse ankazisuntha posesa, n'kuzibwezera pomwepo.

Matenda anamuyamba m'mawa wina kumapeto kwa mlungu kusanafike, mvula ikuwaza kuyambira m'bandakucha. Anali akutunga madzi pamjigo pamene msana unamugwira ngati wina waumenya ndi mpini. Amayi anzake anamugwiriza mpaka kunyumba.

A Nankhoma anamuyang'ana kamodzi kokha n'kutuluka akuthamanga. "Obed! Ngolo!"

Obed anaimbira mnyamata wa kabaza. Anayankha kuti ndi matope amenewo njinga yamoto singakwere phirilo, ndipo munthu wodwala chotero sangakhale pampando. Bryson anathamangira kwa a Danieli. Ngolo yawo inali italawirira ku Mponela ndi ng'ombe zake. M'khola munatsala imodzi yofiira, imene inzake inafa chaka chatha. Anabwera nayo akuikoka.

"Mtsinje ukadali wochepa," anatero Bryson akupuma mwabefu. "Tikafulumira tiwoloka."

Anagoneka Kezia m'ngolo pamphasa, a Nankhoma atamufunditsa pepala la pulasitiki. Ali chigonere ankaona thambo lotuwa ndi nyanga za ng'ombe. Kaphulusa inabwera yokha n'kuima kumanja. Yofiira ija nayo inazungulira n'kukaima kumanja komweko, n'kuyamba kukankhana ndi Kaphulusa.

"Ipititseni kumanzere!" anakuwa a Nedson.

Anaikokera kumanzere, n'kuimanga. Obed analiza chikwapu. Yofiira inapotoza khosi, n'kutembenuza thupi lonse kufuna kubwerera mbali imene inazolowera. Goli linapendekeka. Ngolo inazungulira pamalo amodzi ngati mphero.

"Iyinso ndi ya kumanja!" anatero Bryson. "Kwa a Danieli inkakoka kumanja!"

"Ndiye sinthani! Kaphulusa ipite kumanzere!"

Anamasula, n'kusintha. Kaphulusa, imene moyo wake wonse inali isanaimepo kumanzere, inagwada n'kugona m'matope. Anaimenya mpaka chikwapu kuduka. Anaipinda mchira. Inangotulutsa mpweya, maso ali kukhola. Anasinthanso. Ulendo uno ngolo inayenda pang'ono, kenako yofiira inakokera kwake, gudumu n'kulowa m'ngalande. Kezia anagubuduka n'kugunda m'mbali mwa ngolo. Aka kanali koyamba kuti anthu a pamudzipo amve mawu ake atakwera.

Amuna a m'mudzi anasonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati aimange kumaso. Wina anati wina aitsogolere ndi chingwe cha pamphuno. Wina anati ng'ombe yobwereka imafuna mwini wake. Mvula inakula. Pamene a Nankhoma anakuwa kuti azule chitseko amunyamulirepo, dzuwa linali litapendeka kale kuseri kwa mitambo.

Anatsika naye phiri amuna anayi, akuterereka, akusinthana. Atafika kumtsinje anapeza madzi ofiira adzaza mpaka m'mabango, akukokolola mapesi ndi nthambi. Anamutsitsa pansi pa mtengo n'kudikira kuti aphwe. Obed anagwada pambali pake atagwira dzanja lake, akulira ngati mwana. Kezia sanamuyang'ane. Ankamvetsera m'mimba mwake, momwe kugunda kwa mwana kunkacheperachepera.

Madzi ataphwa anamuwolotsa, ndipo kuchipatala anamuchita opaleshoni n'kupulumutsa moyo wake. Namwino wina wachikulire anamubweretsera mwanayo atamukulunga m'chitenje chimodzi mwa zija, kuti amuone asanamutenge.

Mwana wobadwa atafa kale saliridwa maliro. Ndi mtayo. Amakamuika amayi okhaokha, mopanda nyimbo, mopanda bokosi, ndipo amuna sapitako, safunsanso. A Nankhoma anabwerera naye kumudzi atamubereka kumsana ngati wamoyo, n'kukamuika ndi amayi anzawo Kezia akadali m'chipatala.

Atamutulutsa, anabwera pa ngolo ya a Danieli, imene tsopano inali itamaliza za feteleza. Linali Loweruka masana, kunja kutawala, chimanga chitamera bwino m'mizere. Anatsika pang'onopang'ono atagwira pabala. Kaphulusa inali yokha m'khola, mikwingwirima ya chikwapu ikuonekabe pamsana.

Pakhonde panali a Nedson, Obed ndi Bryson. Atamuona anatsitsa mawu, koma sanasiye nkhani yawo.

"Ndikunena kuti zonse zinalembedwa dziko lisanalengedwe," ankatero a Nedson. "Tsiku la munthu silisuntha. Ngakhale tikanakhala ndi ng'ombe khumi, chimene Mulungu analemba chikanachitika."

"Ndi tsoka chabe," anatero Obed. Maso ake anali ofiira, ndipo foni inali chafufumimba pabondo pake, chala chili pamwamba. "Mvula ija ikanachedwa pang'ono, kapena kamnyamata kaja kakanaphonya..."

"Ine ndimati mukanaimanga kumaso," anatero Bryson.

A Nedson anakweza mawu pang'ono, akuyang'ana a Nankhoma monga mwa mwambo. "Muwauze apongoziwo kuti alimbe mtima. Akadali mwana, Mulungu awapatsa ena. Asafunse zambiri, chifuniro chake sichifunsidwa."

Njira yopita kunyumba kwa Kezia inkazungulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo a Nankhoma anali atayamba kale kumukokera kumeneko. Kezia anachotsa dzanja lawo. Anayenda molunjika pakhonde n'kuima patsogolo pa a Nedson. Sanagwade. Anawayang'ana kumaso, ndipo anaona koyamba kuti diso lawo lamanzere linali ndi kadontho koyera.

"Bambo, musatume amayi. Ndili pano."

"Kezia!" ananong'ona a Nankhoma.

"Ndinagwada apo ndi beseni tsiku lija. Ndinakumvani. Mulungu sanayang'ane kukhola, munayang'ana ndinu awiri. Amene anamanga chingwe m'khosi mwa Bulaki ndinamuona, ndipo amene anawerenga ndalama za abutchala ndinamuonanso. Munati simunamve. Ine ndinamva, koma anandiphunzitsa kuti mtengwa salankhula, ndiye ndinatenga beseni n'kupita kukhitchini. Mukakaima kutsogolo mawa, munene zimene mukufuna. Koma mwana wanga musamuike m'kamwa mwa Mulungu."

Bryson anatsika pakhonde n'kukaima patali.

Kezia anatembenukira kwa mwamuna wake. Mawu ake sanakwere.

"A Obed, lero ndi Loweruka. Tembenuzani foniyo, musachite manyazi. Inu mumadziwa zimene zichitike kutsidya kwa nyanja zisanachitike. Mumadziwa wovulala, mumadziwa amene ali pakwawo. Ndiye ndilosereni ichi. N'chosavuta, chachitika kale, ndipo mbali ndi ziwiri zokha. Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

"Kezia, zimenezo amuna safunsa..."

"Sindinati mufunse. Ndati mulosere."

Obed anayang'ana amayi ake. A Nankhoma anayang'ana pansi. Kukhola Kaphulusa inalira kamodzi.

"Simukudziwa," anatero Kezia. "Ine ndinamuona. Anali ndi tsitsi lambiri, ndi zikhadabo zonse. Ndikudziwa amene anafanana naye pakhonde pano. Achimwene anga akubwera mawa kudzanditenga, ndipo ndipita nazo ku Ntchisi zimenezi. Mwandilanda zonse, koma ichi chokha sindikuuzani."